Mwatola tiana ta bakha topanda make? Chitani izi kuti tisakufereni m'manja

Tiana ta bakha tambiri totoledwa timafa m'masiku oyambirira, ndipo nthawi zambiri si njala ayi, ndi kuzizira ndi madzi. Munthu amangoti poti ndi bakha ndiye kwawo ndi m'madzi, atunga madzi beseni lonse nkutiponyamo kuti tisangalale, madzulo tili njenjenje, m'mawa tapita. Kuno ku Mzuzu nde zimanyanya chifukwa mukudziwa nokha mmene June ndi July amakhalira, mvula yowaza ija ndi mphepo, komanso madambo ali paliponse, Chibavi, Chiputula, Mchengautuba, m'mbali mwa Lunyangwa monse, ndiye ana akamasewera kumeneko amabwera nato kunyumba m'chipewa kapena m'jumbo. Kwinanso make wagwidwa ndi galu, wagundidwa ndi njinga yamoto, kaya wabedwa usiku nkusiya tiana tokha m'khola.

Zofunika kukhala nazo pafupi

- Katoni yolimba kapena beseni lalikulu louma, lalitali m'mbali chifukwa tinthu timeneti timadumpha kuposa mmene mukuganizira
- Thawulo lakale kapena chitenje chakutha, chosazomoka ulusi
- Mabotolo awiri apulasitiki otseka bwino, a madzi otentha, ndi masokosi ovekera
- Babu lakale lija lotentha ngati muli ndi magetsi. Mababu a LED satentha, musataye nawo nthawi
- Kambale kosaya kwenikweni ndi timiyala totsuka bwino
- Starter mash ya anapiye, kumashopu a zaulimi mtauni imapezeka ndipo ena amagulitsa pa kilo
- Mazira, usipa wouma wopanda mchere, masamba anthete ngati bonongwe kapena chisoso
- Waya wa sefa kapena neti yakale yotchingira pamwamba
- Sopo wosambira m'manja

Poyamba penipeni: kodi ndi tamasiyedi?

1. Musathamangire kutola. Imani patali, mamita 30 kapena kuposa, khalani pansi phee ndipo ana ndi agalu achoke. Bakha wakutchire akaona munthu amathawa kapena amachita ngati wathyoka phiko kuti mumulondole iyeyo, tiana timabisala mu udzu, inu mukachoka amabwerera nkutiitana. Dikirani ola limodzi kapena awiri. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, amaona tiana tili tokha mphindi zisanu basi nkunena kuti tamasiye, pomwe make ali m'bango momwemo akukuyang'anani.

Osadikira ngati mwaona make atafa, ngati tiana tagwera m'ngalande kapena m'dzenje, tanyowa ndipo tikunjenjemera, kapena khwangwala ndi mphamba akuzungulira kale pamwamba. Pamenepo tolani.

2. Dziwani ngati ndi toweta kapena takutchire. Abakha ambiri oweta m'makomo mwathu muno ndi aja ofiira kumaso, a mtundu wa Muscovy, amagonera mazira masiku 35 ndipo amakonda kuikira mobisa m'thengo, nde tiana tawo timapezeka pamalo odabwitsa. Ngati mwatola pafupi ndi nyumba za anthu yambani mwafunsa aneba, mwina mwini wake akusakasaka ndipo make ali moyo. Palibe katoni yomwe ingapose make. Mukatibweza kwa make amatilandira bwinobwino, zoti mukagwira ndi manja amatikana chifukwa cha fungo la munthu si zoona.

Takutchire timakhala tamantha kwambiri, timathamanga ndi kubisala, ndipo ta abakha akutchire oyera kumaso, omwe amalira ngati likhweru, timakhala ndi mizere yachikasu ndi yakuda kumutu. Timeneti si tanu olo mwatola ndinu. Lamulo la National Parks and Wildlife Act, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, sililola kusunga nyama ndi mbalame zotetezedwa popanda chilolezo, ndiye titenthetseni kaye kenako dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire, a Parks aja, kapena a Lilongwe Wildlife Trust omwe ntchito yawo ndi yopulumutsa nyama zotere, akuuzani chochita.

Ola loyamba: kutentha kokha basi

3. Tipukuteni pang'onopang'ono ndi nsalu youma ngati tanyowa, kenako tiikeni m'katoni momwe mwayala thawulo. Musayale nyuzipepala kapena pulasitiki, pamaterera ndipo timiyendo timatagalala mpaka kabakha kamakula kopunduka. Utuchi wosalala uja nawonso ayi sabata yoyamba, timaudya.

4. Thirani madzi otentha m'botolo, livekeni sokosi, liyeseni pa tsaya lanu, ngati likuwotcha inu nde kabakha katha. Liikeni mbali imodzi ya katoni, mbali inayo isiyeni yozizira kuti tikatenthedwa tizithawirako. Ngati mukugwiritsa ntchito babu chimodzimodzi, likhale pakona imodzi, lolendewera pamwamba poti sitingalikhudze komanso losagunda katoni, moto wa katoni suchedwa. Sabata yoyamba pamafunika kutentha kwa madigiri 32, kenako muzichepetsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse. Ndikudziwa ambiri tilibe choyezera kunyumba, nde tiana tomweto tikuuzani. Tikaunjikana pamodzi pa botolo nkumalira mokweza ndiye kuti tazizidwa. Tikathawira kumakona, kukamwa kuli yasa, mwatenthetsa kwambiri. Tikamwazikana mwakachetechete, kena kakugona kena kakuyendayenda, mwakhoza.

Botolo limazizira pakatha maola angapo, makamaka mbandakucha pomwe Mzuzu amaluma kwambiri, ndiye tcherani alamu pa foni muzidzuka kusintha madzi, nchifukwa chake ndati mabotolo awiri, lina lizikhala lodikira. Olo muli ndi babu botolo likhale pafupi, magetsi akathima 2 koloko usiku mulibe wodandaulira.

Za mbaula: anthu amaika katoni pafupi ndi mbaula m'chipinda chotseka mawindo. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, umapha tiana ndi inu nomwe. Ngati palibe njira ina, makala akhale oyaka bwino opanda utsi, m'kamphika kadothi kotetezedwa kuti tisakakhudze, ndipo pakhale polowera mphepo. Musagone m'chipinda chimenecho.

5. Kabakha kozizira musakadyetse kapena kukamwetsa chilichonse. Sikangameze bwino, ndipo madzi othira kukamwa ndi sipuni kapena sirinji amalowa kumapapo. Kayambe kaimirira ndi kuyenda kokha. Ngati kali kofooka kwambiri kaikeni pachifuwa panu mkati mwa juzi kwa mphindi 30, mudabwa mmene kadzukire. Musade nkhawa ndi njala, kabakha kongoswedwa kumene kamakhala ndi chakudya cha m'dzira chotsalira m'mimba chokasunga tsiku limodzi kapena awiri.

Madzi akumwa, osati osambira

6. Tikatenthedwa ikani kambale ka madzi ofunda pang'ono, mudzazemo timiyala kuti tizingolowetsa mlomo osati thupi lonse. Gwirani kamodzikamodzi, viikani nsonga ya mlomo m'madzi kamodzi kapena kawiri nkukasiya, kadziwa kokha. Tsiku loyamba mutha kusungunula shuga kasipuni kakang'ono kamodzi mu lita imodzi ya madzi, mawa lake madzi okha.

Chifukwa chake nchakuti tiana ta bakha tilibe nthenga zenizeni, ndi ubweya chabe, ndipo kathumba ka mafuta kamene kali pamwamba pa mchira kamakhala kasanayambe kugwira ntchito mokwanira. Tikakhala ndi make amatitulutsa m'madzi msanga nkutifungatira mpaka tiume. Topanda make timanyowa mpaka pakhungu, timalemera, timatopa nkumira, ndipo tomwe tapulumuka kumira timafa ndi kuzizira. Inde, bakha amamira.

Madzi asamasowe olo pang'ono pomwe pali chakudya. Bakha amajompha chakudya kenako nkumwera madzi kuti chitsike, mukaika mash youma popanda madzi amatsamwidwa. Ndipo tikamakula madzi azifika poti tingamize mphuno ndi maso, ndi mmene timadzitsukira, apo ayi maso amamatana ndi manthongo.

Chakudya

7. Chabwino kwambiri ndi starter mash ya anapiye, yonyowetsa pang'ono kuti ikhale ngati phala lolimba, ndipo muziika pang'onopang'ono kangapo patsiku chifukwa yonyowa imasasa msanga. Funsani wogulitsa ngati ili ndi mankhwala, yopanda mankhwala ndiyo yabwino kwa abakha poti amadya kwambiri kuposa anapiye. Layers mash, ya nkhuku zoikira mazira, ayi, ili ndi kashiamu wochuluka wopangira zigoba za mazira ndipo imawononga impso za tiana.

Ngati mwatola madzulo mashopu atseka, wiritsani dzira, linyenyeni bwinobwino, sakanizani ndi gaga wosefa pang'ono ndi madzi, zikwanira mpaka mawa. Koma gaga yekha tsiku ndi tsiku sangakulitse kabakha, alibe zomanga thupi zokwanira. Amene alibe ndalama ya mash asinje usipa wopanda mchere nkusakaniza ndi gaga ndi ufa wa soya wokazinga, soya wosakazinga ayi. Chiswe ndi ngumbi nthawi yake ndi chakudya chapamwamba, ndipo masamba oduladula tizidutswa ting'onoting'ono muziwaponya m'madzi akumwa aja kuyambira masiku ochepa oyamba, timakonda kwambiri kutola zoyandama. Mukayamba kupereka masamba ndi tizilombo ikaninso kamchenga kokhakhala pambali, kamathandiza kugaya.

Chinthu chimene ambiri sachidziwa ndi chuku. Pa ziweto zonse za mapiko tiana ta bakha ndi tomwe timafa msanga ndi poizoni wa chuku, uja amapezeka mu chimanga ndi mtedza wosungidwa pachinyezi. Mzuzu ndi malo a chinyezi, gaga wa kuchigayo akangokhala m'thumba masiku angapo asanaume bwino wayamba kale kuchita mabulumwa ndi kununkha. Nkhuku yaikulu idya nkuyenda, kabakha kafa. Nunkhizani gaga musanagule, ndipo mtedza wowola uja mumasankha musanasinje nsinjiro musamaponyere tibakha.

China ndi miyendo. Abakha amafuna vitamini wotchedwa niacin wochuluka kuposa nkhuku, ndipo chakudya cha anapiye nthawi zina chimaperewera. Mukaona pa sabata yachiwiri kapena yachitatu kabakha kakuyenda mokhotakhota, miyendo ikupindikira kunja, kakungokhala pansi, musachedwe, pitani kwa alangizi a ziweto kapena kushopu ya mankhwala a ziweto mufunse mavitamini osungunula m'madzi okhala ndi niacin. Mukachita msanga kamachira.

Buledi, nsima ya mchere, mkaka, zotsala za ndiwo zamafuta, zonsezi ayi.

Masabata otsatira

8. Sinthani zoyala tsiku lililonse, mwinanso kawiri. Tibakha ndi tauve, timathira madzi paliponse, ndipo katoni yonyowa imazizira komanso imanunkha mpweya wowawa m'maso. Kambale ka madzi kakhale mbali yotalikana ndi botolo lotentha. Pamwamba tchingani ndi sefa chifukwa makoswe ndi amphaka amatola kamodzikamodzi usiku, ndipo ngati mumakhala m'mbali mwa dambo pali ng'azi ndi nyenga.

9. Ngati mwatola kamodzi kokha, kamalira usiku wonse kusungulumwa mpaka kusiya kudya. Kaikireni kagalasi kodziyang'anira ndi kansalu kofewa kokulunga kuti kazitsamira, koma chanzeru ndi kukapezera anzake a msinkhu womwewo. Njira ina yomwe makolo akhala akuchita ndi nkhuku yogonera mazira: usiku kuli mdima tsekerani tibakha pansi pa mapiko ake mwakachetechete, m'mawa muyang'anitsitse ngati sikutijompha. Zimatheka tikakhala ta tsiku limodzi kapena awiri, tokulirapo nkhuku imakana. Ingokumbukirani kuti abakha amatha kunyamula chitopa iwo osaoneka kudwala, nde takutchire kapena tomwe simukudziwa kochokera musasakanize ndi nkhuku zanu.

10. Kusambira kuyambe tikakwana sabata imodzi kapena ziwiri, masana kuli dzuwa, m'madzi ofunda ofika m'miyendo mokha, mphindi zisanu basi inu muli pomwepo osati mukuyang'ana WhatsApp. Kenako tipukuteni nkutibwezera pofunda. Tsiku la mitambo ndi mphepo dumphani. Beseni loterera m'mbali ndi msampha, ikanimo njerwa kapena thabwa lokwerera.

11. Kuyambira sabata yachitatu tizituluka panja masana m'kachikwere kotchinga pamwamba, chifukwa mphamba sagona. Nthenga zenizeni zimakwanira pa masabata 7 mpaka 9, a Muscovy amachedwerapo pang'ono, ndipo apo ndi pomwe mungasiye botolo ndi babu kotheratu. Ngati ndi June kapena July musafulumire.

12. Takutchire, ngati a Parks akuuzani kuti musunge kaye, musatizoloweze manja. Osatinyamulanyamula, osatijambulitsa ndi ana, osatilola kuzolowera agalu. Kabakha kamatenga chinthu choyamba kuchiona chikuyenda ngati make, ndipo kakazolowera munthu kadzathamangira kwa munthu woyamba kukumana naye kudambo, yemwe mwina wanyamula legeni. Musatitulutse mpaka titayamba kuuluka, ndipo mukatitulutse m'mawa, pamalo pomwe pali abakha a mtundu womwewo. Toweta musakataye kudambo ngati njira yochotsera chintchito, sitingadzisamale.

Ndipo sambani m'manja ndi sopo mukagwira, ana asamatipsompsone, ndowe zake zimatsegula m'mimba. Mukapeza mbalame zambiri zafa pamalo amodzi musagwire olo imodzi, dziwitsani a zaziweto chifukwa chikhoza kukhala chimfine cha mbalame.

Kukaona mbalame kudambo

Ine ndimaona kuti munthu wozolowera kukhala pansi nkumaonerera mbalame satola tiana mwachisawawa, chifukwa waonapo mmene makolo ake amabisalira ndi kubwerera. Nde yesani, sizifuna ndalama zambiri. Tengani jombo kapena nsapato zotseka, zovala zosawala, madzi akumwa, kope ndi bolopeni, foni yatchaji. Mabainokyula ngati mungapeze, a 8x42 ndiwo abwino poyambira, a pakaunjika yang'anani kaye ngati sakuonetsa zinthu ziwiriziwiri. Pa foni ikani Merlin Bird ID, pulogalamu yothandiza kuzindikira mbalame, ndi yaulere, tsitsirani mbalame za kuno mukadali pa netiweki yabwino. Malawi ili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650.

1. Pitani m'mamawa dzuwa likungotuluka kapena chakumadzulo. Masana mbalame zimabisala.

2. Dzuwa likhale kumsana kwanu, mukaliyang'ana mbalame iliyonse imaoneka yakuda.

3. Pezani pokhala pafupi ndi chitsamba, khalani mphindi 20 osasuntha. Oyamba kumene amayendayenda dambo lonse nkumati kulibe kanthu, pomwe akuthamangitsa okha.

4. Yang'anani kaye mbalameyo, foni pambuyo. Kukula kwake, mlomo, miyendo, mmene ikudyera, kulira kwake. M'madambo a mtauni muno muyamba ndi akakowa, nantchengwa ndi chisa chake chachikulu cha timitengo, ndi mpheta zoluka zisa m'bango nthawi ya mvula. Mukamva likhweru la katatu gulu likudutsa pamwamba chakumadzulo, amenewo ndi White-faced whistling duck, abakha oyera kumaso, ndipo kwa iwowa bambo ndi mayi onse amagonera mazira ndi kulera, nde tiana tawo sitikhala tamasiye chifukwa choti kholo limodzi lafa. Palinso African jacana, ya zala zazitali yoyenda pamwamba pa masamba a m'madzi, yomwe imalera ana ndi yaimuna ndipo imawanyamula m'mapiko timiyendo tokha tikulendewera.

5. Mukapeza chisa bwererani mmbuyo. Njira yomwe mwaponda mu udzu galu ailondola, ndipo makwangwala amaonerera anthu.

Mukafuna zenizeni pitani ku nkhalango yotetezedwa ya Vwaza Marsh, kudutsa Ekwendeni nkukhotera ku Rumphi, mukakhale m'mbali mwa nyanja ya Kazuni. Miyezi yotentha ya September mpaka November madzi akachepa atsekwe, abakha ndi adokowe amaunjikana pamodzi, pomwe kuyambira November mpaka April kumakhalanso mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia, koma msewu nthawi ya mvula umavuta. Kumeneko kuli mvuu ndi njovu zambiri, musayende nokha popanda woyang'anira nkhalango ndipo musaime pakati pa mvuu ndi madzi. Kuli kashembe wofalitsa matenda a kaodzera, amakonda zovala zakuda ndi za buluu, valani za khaki za manja aatali, ndipo mukabwerako nkuyamba kutentha thupi auzeni adokotala kuti munali ku Vwaza chifukwa kaodzera amafanana ndi malungo poyamba. M'madzi odikha osalowamo, likodzo.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwabwerezedwa

Kuika m'beseni la madzi tsiku loyamba, ichi nde chimamaliza tambiri. Kudyetsa kasanatenthedwe ndi kuthira madzi kukamwa. Kusiya botolo lizizire usiku, anthu amachita bwino masana onse nkugona tulo tofa nato, 4 koloko m'mawa katoni ili zii. Kutenthetsa katoni yonse popanda kothawira kumaphanso, makamaka mukaisiya padzuwa la October mutavindikira. Gaga wa chuku, layers mash, buledi. Kusiyira ana ang'onoang'ono kuti azisewera nato, amafinya osadziwa. Kupereka mankhwala a anthu, mapanado ndi makapusozi osungunula m'madzi, chonde funsani alangizi a ziweto kaye. Ndipo ena amatola tiana tiwiri nkusiya tina tisanu m'ngalande momwemo chifukwa sanamvetsere, mukamaliza kutola khalani chete mphindi zingapo, totsala timalira tokha nkukuuzani pomwe tili.